Zigamba za Buluu

Lachiwiri, 7 Meyi

Tinamuika dzulo. Mvula kuyambira kutchalitchi mpaka kumanda. Amupatsa malo m'chipupa cha manda osanjikizana, mzere wa pamwamba penipeni, moti pokaika maluwa ndizichita kubwereka makwerero. Nsapato zanga sizinaumebe.

Herminia, mkazi wanga. Ndalemba dzinali kuti ndione ngati ndingamve kanthu. Palibe. Mumtima muli zii ngati m'basi usanalize injini.

Loweruka anadzuka bwinobwino, nkuotcha arepa, mikate yathu ya chimanga, nkunena kuti mutu ukumulemera, nkukhala pampando. Basi. Adokotala akuti ndi mtsempha wa m'mutu. Ndinawathokoza. Sindikudziwa kuti ndinkathokoza chiyani.

Luz Dary, mwana wathu yekhayo, wabwera kuchokera ku Medellín. Kuntchito amupatsa masabata awiri. Iye akulirira tonse awiri. Ine ndikungodya. Anthu akubweretsa nyemba, nthochi zokazinga, msuzi wa nkhuku, ine nkumaliza mbale. Manyazi ndikuchita, koma njala ikundipwetekabe.

Novena, mapemphero a masiku asanu ndi anayi, tayamba madzulo ano pabalaza. Guwa lake: tebulo, nsalu yoyera, makandulo, chithunzi chake, tambula ya madzi patsogolo pa chithunzi. Akutsogolera ndi komadre Gilma a nyumba yoyandikana nafeyi. Herminia ndiye ananyamula mwana wawo Wilmar pa ubatizo, ndiye chikhalire timangoitanana komadre, kompadre. Mawu awo sanjenjemera. Maliro amawadziwa.

Lachinayi, 9 Meyi

Luz Dary watsekula chipinda cha nsalu. Anaima pakhomo, nati, “Bambo, mayi ankapuma bwanji muno?”

Ine chipinda chimenecho ndinkachitcha kudzala. Sindinkalowamo. Manja anga a girisi anali oletsedwa, ndipo nditagulitsa chiva, chibasi changa cha matabwa chija, manja anayera koma chiletso sichinachoke. Ankati, “Iwe ndi chibasi chako, ine ndi nsanza zanga, aliyense afe ndi zake.”

Lero ndalowa. Matumba a ufa odzaza tho mpaka kudenga. Makatoni. Zitini za mabisiketi. Pansi pa tebulo, pamwamba pa kabati, kuseri kwa chitseko. Zidutswa za ku mafakitale a ku Medellín zimene ndinkamunyamulira ndekha padenga la chiva uku ndikung'ung'udza. Makatani akale a kuparishi. Madiresi a anthu amene ananenepa. Nsalu ina sanaikhudzepo ndi sizasi, ikadali ndi kapepala ka kusitolo. Ankasungira chiyani? Ankayesa adzakhala mpaka liti?

Ndiye kumitanda ya denga, misomali mizeremizere, ndipo pa msomali uliwonse chingwe cha zigamba chikulendewera ngati soseji za kubutchala. Tizigamba todula kale, kukula kwake chikhatho, totungidwa pakati ndi ulusi wokhuthala. Zingwe zina zazitali zondigunda m'mutu, zina kachidutswa chabe. Fumbi. Fungo la nkhungu ndi la mankhwala a njenjete.

Zofunda zake za zigamba zili pabedi lililonse mumsewu muno, mpaka kuminda ya khofi kumtunda. Munthu ungaganize kuti nsalu zikanatha. Zinkangoswana.

Luz Dary akuti tsiku lotseka novena kudzabwera msewu wonse ndi abale a kuminda, ndipo pabalaza pathu mpopanikiza. Chipindachi chiyeretsedwe, guwa tisamutsire momwemo. Akutinso akapita ine ndekha sindingathe, makoswe adzandilanda nyumba. Ndavomera. Masiku ano chilichonse ndikungovomera.

Loweruka, 11 Meyi

Ntchito. Bola ntchito.

Ganizo losankha mitundu linali langa. Moyo wanga wonse masipanala ndimawaika mwadongosolo, laling'ono uku, lalikulu uko, ndiye kuona chofiira, chamaluwa ndi chabuluu pa chingwe chimodzi kunkandiyabwa m'maso. Ndinauza Luz Dary kuti mayi ako luso anali nalo koma dongosolo analibe. Anaseka, koyamba chibwerereni. Anati azimayi a gulu losoka la kuparishi asangalala kulandira zosankhasankha kale.

Ndinakwera pampando ndi kampeni kanga. Chingwe ndi chingwe, kudula, zigamba nkugwera m'beseni. Sizinatenge nthawi. Kenako zonse, ndi za m'zitini zomwe, m'thanki yochapira kuseri, sopo wambiri, kuvundula ndi mtengo wa tsache. Madzi oyamba anatuluka bii. Tinatsukuluza mpaka anayera.

Kuyanika ndiye nkhondo, ndi mvulayi. Pakhonde la kuseri, pamipando, pafupi ndi mbaula, pabedi langa. Chitseko cha pakati tikumatseka kuti obwera kunovena asaone chisokonezo.

Madzulo ano pemphero ndinalimva ngati wailesi ya nyumba ina. Msana ukupweteka. Koma usiku wathawu ndinagona tulo mpaka kucha, koyamba chichokereni iye.

Lolemba, 13 Meyi

Dzulo linali tsiku la amayi. Nyimbo pabwalo la tchalitchi, anyamata oledzera kuimbira amayi awo pazenera. Luz Dary anadzitsekera kubafa. Ine ndinakhala pansi nkumasankha mitundu.

Lero tagawa. Zofiira, zachikasu, zobiriwira ndi zamaluwa zapita kuparishi pa wilibala. Nsalu zikuluzikulu watenga msuweni wina wa Herminia wosoka mayunifolomu a sukulu, amene kumanda sindinamuone koma lero anafika m'mamawa ndi galimoto.

Zatsala za buluu. Matumba awiri athunthu. Palibe akuzifuna, akuti nzachisoni, ndi malaya a amuna okhaokha. Nzoona. Kuno mwamuna amakula ndi malaya a buluu, amafa nawonso. Thumba limodzi ndampatsa Libardo wa kugaraja, mnzanga wakale amene ankandikonzera chiva, azipukutira m'manja. Linalo ndalikankhira pansi pa bedi langa, adzalitenga akamaliza loyambalo.

Chipinda chili mbee. Tapaka laimu. Sindinkadziwa kuti chili ndi zenera lalikulu chonchi. Misomali yokha ndi imene yatsala kudenga, kuzula ndinalibe mphamvu. Makina ake osokera tawakankhira pakona, tawavindikira.

Luz Dary anati, “Mayi akanaona akanakomoka.” Ndinati akanakomoka ndi chimwemwe.

Lachinayi, 16 Meyi, m'mamawa

Ndilembe mwadongosolo.

Dzulo tinatseka novena. Komadre Gilma anabwera dzuwa likadalipo kudzasamutsa guwa. Ndinawatsekulira chipinda ndi kunyada konse. Analowa atanyamula chithunzi cha Herminia pachifuwa, nkuima pakati, nkuyang'ana kudenga. Anayang'ana nthawi yaitali. Ine ndinkayesa akusirira laimu.

Anthu anadzaza mpaka pakhonde. Komadre anatsogolera kolona mpaka kumapeto osaphonya liwu, anazimitsa makandulo, anachotsa nsalu yoyera, anakathira madzi a m'tambula pa maluwa. Anthu anamwa khofi, anandigwira dzanja, anapita. Iwo anatsala.

“Kompadre Arcesio, zingwe zija mwaika kuti?”

Ndinafotokoza zonse. Mpeni, thanki, sopo, mitundu. Ndikufotokoza choncho iwo anakhala pansi, pasimenti penipeni, mipando yobwereka ili mbwee.

Nkhani yake ndi iyi. Chingwe chilichonse chinali munthu mmodzi. Munthu akamwalira, novena ikatha, abale ankabweretsa zovala zake kwa Herminia. Iye ankazidula tsiku lomwelo, nkuzitunga pa chingwe chakechake, nkudzasoka chofunda cha banjalo. Zotsala sankataya, sankasakaniza ndi za wina, ankazibwezera pamsomali. Mayina sankalemba. Ankangodziwa kuti msomali uwu ndi wa uje.

Onse analandira kale zofunda zawo. Chingwe chimodzi chokha chinali chisanasokedwe. Cha Wilmar.

Wilmar anamutsitsa m'jipi amuna a mfuti pamsewu wa kumtsinje, zaka zija anthu ankangosowa. Anali asanakwatire nkomwe. Sanapezeke. Alibe malo m'chipupa, novena sitinamuchitire. Chimene chinatsala ndi malaya ake atatu. Mayi ake anawasunga m'kathumba komanga zaka zonsezi, chifukwa kuwapereka kwa Herminia kunali kuvomera kuti sadzabweranso. Chaka chino, Lachitatu la Phulusa, anavomera. Herminia analonjeza kuti chofunda chidzatha Juni asanafike.

Luz Dary anayamba kupepesa, kulira, kugwada. Komadre anangofunsa kuti za buluu zili kuti, poti malayawo anali a buluu. Ndinati zilipo, pansi pa bedi langa. Luz Dary anandiyang'ana. Za thumba linalo sindinatchule. Komadre akuti abwera masana ano.

Msewu wonse umadziwa za zingwezo. Ngakhale ana. Ine ndinkaona azimayi ovala zakuda akulowa ndi mitolo, ndinkangoti nsanza zina zabwera.

Ndipite kwa Libardo.

Lachinayi lomwelo, madzulo

Kugaraja ndinafika asanatsekule. Libardo anabwera akutafuna buledi, nati, “Iwe mkulu, chibasi unagulitsa kalekale. Wabwera kudzanunkhiza dizilo?”

Ndinafunsa za thumba. Anati tizigamba tanga tija tinali tating'ono, kupukutira m'manja sitinkathandiza. Koma Lachiwiri lole ina inataya oyilo yense pansi, ndiye anangokhuthulira thumba lonse pamenepo, ndipo tinamwa oyilo bwino kuposa utuchi. Anandithokoza kwambiri. Zonyowa ndi oyilo sasunga, amaotcha mumgolo kuseri.

Ndinapita kumgolo. Phulusa lakuda, madzi a mvula pamwamba. Ndinavundula ndi kawaya. Sindikudziwa chimene ndinkafuna. Ngakhale batani munalibe.

Libardo anandibwezera thumba lopanda kanthu, lopindidwa bwinobwino. Anafunsa ngati kuli vuto. Ndinati ayi, ndimangofuna thumbalo.

Masana komadre anabwera. Tinayala zigamba pansi m'chipinda choyera chija. Simenti yonse buluu. Wakuda, wotuwa, wa mizere, wa timabokosi, wa timadontho. Anagwada nkuyamba kutola chimodzichimodzi. Kuyang'ana, kutembenuza, kununkhiza, kuika pambali. Fungo ndi la sopo wathu basi.

Ndinafunsa kuti malayawo anali otani kwenikweni, kuti ndithandize. Anati kathumbako sanakamasulepo chimangireni chaka chija, ndipo kwa Herminia anakapereka kali komanga. “Ndinkaopa kuwaona, kompadre. Ndikudziwa kuti anali a buluu. Ena anali ndi mizere. Kapena timabokosi.”

Ndiye kuti munthu yekhayo amene anawaona malayawo tinamuika mzere wa pamwamba.

Luz Dary anawapangira khofi. Wazizirira pazenera.

Loweruka, 18 Meyi

Nkhani ili m'kamwam'kamwa. Popita kogula mkaka anthu akundipatsa moni mwaulemu wopitirira muyeso.

Dzulo ndi lero azimayi a mumsewu akhala akubwera, aliyense ndi magalasi ake. Ganizo ndi la Doña Ofelia, mkazi wamasiye wa wophika buledi uja: aliyense atole za akufa ake, zotsalazo ndiye za Wilmar. Asanayambe anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati, “Don Arcesio, zaka zonsezi m'nyumba muno munkagonamo ngati mlendo wa kuhotela?” Palibe anaseka. Ndinapita kukawiritsa madzi.

Ena abwera ndi zofunda zawo kudzafananiza. Ndinkawamva ndili kukhitchini. Awa ndi bambo anga. Uyu ndi Hernando wanga, taonani pamene anapsereza ndi fodya. Uyo si wako, ndi wa mlamu wako. Nthawi zina kuseka, nthawi zina zii. Doña Ofelia anapeza zovala zogonera za mwamuna wake, nati ngakhale nsalu yake ikuoneka yaulesi.

Inenso anandiitana nditole zanga, za m'zitini zija. Malaya anga akale, ochuluka kuposa amene ndikuwakumbukira. Ena ndinkawafunafuna nyumba yonse, Herminia nkumati ndinawaiwala ku Medellín. Wakuba. Ndinaima nawo m'manja, ndikudikira kuti mwina tsopano misozi ibwera. Inabwera mphuno yokha, chifukwa cha laimu.

Mulu watsika, koma pang'ono. Zambiri eni ake anasamuka, kapena nawonso ali m'chipupa. Zina ndi za kufakitale, sanavalepo munthu. Yatsalabe mitundu yosawerengeka. Komadre amakhala pakati pake, manja pamiyendo. Lero sanatole chilichonse.

Palibe wafunsa ngati thumba linali limodzi. Libardo akamva nkhaniyi alumikiza yekha. Ndikumudziwa, adzakhala chete, ndipo tidzaleka kuyang'anana m'maso.

Lolemba, 20 Meyi

Luz Dary wapita ndi basi ya m'mawa. Wandisiyira nyemba zophika mufiriji, ndi nambala ya dokotala pachitseko.

Dzulo tinakangana, chapansipansi kuti khoma lisamve. Iye akuti ndisankhe mitundu itatu iliyonse, nditunge pa ulusi, ndikanene kuti chingwe chimodzi chinagwera kuseri kwa kabati. “Mayi Gilma akungofuna chogwira m'manja, bambo. Mizereyo akaifunsa ndani?” Ndinati ine komadre sindinawanamizepo. Anati nanga za thumba la kwa Libardo mwawauza? Ndinati kukhala chete si kunama. Anandiyang'ana ndi maso a mayi ake.

Pokwera basi anandipsompsona pachipumi. Anati ndizimuimbira foni. Ndinabayibitsa mpaka basi inakhota, chifukwa ndi zimene anthu amachita.

M'nyumba phee. Kudzera m'khoma ndikumva komadre akusesa. Anasesa kale m'mawa, anasesanso masana.

Lachiwiri, 21 Meyi

Kumanda. Makwerero ndabwereka kwa mlonda. Simenti yauma, dzina analilemba ndi msomali, mwala wake sunabwere ndipo sindinalipirebe.

Ndinakwera, ndinaika maluwa, ndinayandikira pakamwa pa manda ake. Ndinamufunsa kuti unali msomali uti, malayawo anali otani. Ndinamuuza kuti akanatha kungondiuza, tsiku limodzi pa chakudya, kuti zingwezo ndi anthu. Kenako ndinakumbukira kuti akayamba za nsalu ndinkakweza wailesi.

Mlonda anagwira makwerero nthawi yonseyo, akuyang'ana kumbali.

Lachitatu, 22 Meyi

Ndachita zimene Luz Dary ananena.

Ndasankha buluu wa mizere yoyera, wa timabokosi ting'onoting'ono, ndi wina wotuwa wopanda kanthu, wopitira kutchalitchi. Zimene mnyamata angavale. Ndinayesa kukumbukira Wilmar ali pakhomo pathu, akubwereka pampu ya njinga. Nkhope ikubwera, mano, tsitsi lonyowa. Kuyambira m'khosi kupita pansi, palibe.

Singano yake ndaipeza m'dirowa ya makina. Kulowetsa ulusi kwanditengera nthawi yoti nkadasintha matayala onse a chiva. Ndadzibaya, ndayamwa chala kuti magazi asadonthere pansalu.

Chingwe chatuluka chotalika mkono umodzi. Ndachigubuduza kuseri kwa kabati kuti chitole fumbi, koma tinasesa bwino kwambiri, fumbi kulibe. Ndakachipaka pamwamba pa mtanda wa kukhitchini. Ndachiika m'chitini cha mankhwala a njenjete chigone momwemo.

Munthu wamkulu, wa imvi, kupaka fumbi pa malaya a mwana wa ubatizo wa mkazi wake. Kapena si malaya ake nkomwe. Ndikudzinyansa. Ichi ndiye chinthu choyamba kumva chiikireni maliro.

Lachisanu, 24 Meyi

Dzulo ndinalephera. Ndinafika pakhomo pawo, ndinawafunsa ngati madzi akutuluka kumpopi kwawo, ndinabwerera.

Lero ndapita nacho masana, m'chitini.

Anandikhazika kukhitchini. Ndinanena mawu anga monga ndinawakonzera: kabati, kuseri, mwayi, Mulungu ndi wabwino. Anatuluka bwino kuposa mmene ndinkayembekezera.

Anachitenga ndi manja awiri. Anachiyala pamiyendo, nkuyendetsa chala kuyambira pamfundo ya pansi mpaka pamwamba. Anasisita fumbi lija ndi chala chachikulu, nkuchiyang'ana chalacho. Mwaye wa kukhitchini, wakuda. Ndinaiwala kuti m'chipinda cha Herminia simunkayaka moto.

Sanakwiye. Bola akanakwiya. Anadzuka, anandithirira khofi, anandiikira arepa ndi tchizi pambale. Anati, “Mwavutika, kompadre. Zala zimenezo si za singano.”

Ndinafuna kupepesa, anandiletsa ndi dzanja. Anati masiku onsewa akhala akuganiza. Kusankha aleka. Akufuna thumba lonse, za buluu zonse, asoke okha ndi manja chofunda chimodzi chachikulu, ngakhale chitenge chaka. Akasoka zonse osasiyako nchimodzi chomwe, Wilmar akhala ali momwemo, kaya pakona kaya pakati.

“Kumene wagonako wagona ndi anthu osawadziwa. Kuno bola agone ndi anthu akwathu.”

Arepa ndinadya. Yonse. Anati ndibweretse mawa.

Kuchoka apo ndinapezeka ndili pagaraja, chonsecho si njira yanga. Libardo anali pansi pa lole. Mapazi anga anawaona, ndikukhulupirira. Sanatuluke.

Loweruka, 25 Meyi

M'mawa Doña Ofelia ndi anzake anafika ndi zimene anatola zija. Amva za chofunda, akuti akufa awo nawonso alowemo, mwanayo asakhale ndi alendo okhaokha. Ndabwezamonso malaya anga. Thumba ladzaza tho ngati poyamba.

Ndalisenza ndekha. Khomo lawo ndi lathu nzoyandikana, koma ndinapuma panjira.

Sanandilandirire pabalaza. Anatsekula chipinda cha Wilmar, chimene sindinalowemo chichokereni mwiniwake. Bedi loyala, nsapato za mpira pansi pake, zenera lopukuta. Anati ndiike pabedi. Ndinaika. Anamasula pakamwa pa thumba, analowetsa mkono mpaka m'chigongono, nkuusiya momwemo. Nkhope yawo inamasuka. Zaka zonsezi sindinaione choncho.

“Ndi zonse zimenezi, kompadre? Za buluu zonse?”

Sankandiyesa ayi. Ankangofunsa.

Ndinati eya.

Ayamba kusoka Lolemba. Maso awo sakuonanso bowo la singano, ndiye akuti ndizibwera masana aliwonse kudzawalowetsera ulusi, ndizikhala nawo mpaka chofunda chidzathe, ndipo ine ndati eya.